Kadyedwe ka Amalawi a Kunja Odwala Matenda Otupa Matumbo

Matenda otupa matumbo okhalitsa, amene madokotala a ku Britain ndi ku South Africa amawatchula mwachidule kuti IBD, ali m'magulu awiri akuluakulu: matenda a Crohn, amene angagwire paliponse kuyambira m'kamwa mpaka kotulukira chimbudzi ngakhale kuti amakonda kumapeto kwa matumbo aang'ono, ndi ulcerative colitis, amene amayambitsa zilonda m'matumbo aakulu okha. Onsewa amadza pamene chitetezo cha m'thupi chikulimbana ndi matumbo a mwini wake, ndipo amayenda mosinthana: nyengo ina amabuka ndi kutsegula m'mimba, kupotokola ndi kuchita magazi, nyengo ina amagona. Chakudya sichingalowe m'malo mwa mankhwala, komabe wodwala sayenera kutaya zakudya zakwawo, chifukwa chimene chimafunika kusintha kwambiri ndi kakonzedwe kake.

Matenda akabuka, makamaka ngati matumbo achepa njira, wodwala amalangizidwa kuchepetsa zakudya za gaga ndi za ulusi. Apa nsima ya ufa woyera imaposa ya mgaiwa, ndipo ufa wa ku South Africa monga Iwisa ndi White Star, umene umapezekanso m'mashopu a zakudya za ku Africa ku Britain, ndi woyera ndithu komanso umathiridwa ayironi ndi mavitamini motsatira lamulo la ku South Africa la 2003. Nyemba zophikidwa ndi makoko ake zimadzaza mpweya m'mimba, koma zikanyikidwa, n'kuchotsedwa makoko, n'kuphikidwa mpaka kusanduka chipere, ambiri amazidya pang'ono popanda vuto. Nkhwani usendedwe ulusi bwinobwino ndipo upse mpaka kufeweratu, nsinjiro zisefedwe kuti pasatsale timibulu, ndipo chimanga chowotcha, mbuliwuli ndi mtedza wokazinga zidikire kaye, pakuti zingathe kutseka pamalo pamene matumbo achepa. Tsabola wa kambuzi ndi zakudya zamafuta ambiri zimawonjezera kutsegula m'mimba mwa anthu ambiri.

Matenda akagona, ndiwo zamasamba, zipatso ngakhalenso mgaiwa zibwezeretsedwe chimodzichimodzi, wodwala akulemba m'kabuku zimene wadya ndi mmene mimba yayankhira. Kusala zakudya zambiri kwa miyezi chifukwa cha mantha kumafooketsa thupi, n'chifukwa chake ndi bwino kupempha kuonana ndi katswiri wa kadyedwe ndi kumufotokozera bwino lomwe kuti nsima ndi chiyani.

Magazi ayenera kuyezedwa pafupipafupi, chifukwa ayironi amatayika kudzera m'zilonda, ndipo vitamini B12 imalowa m'thupi kumapeto kwa matumbo aang'ono, pamalo pomwe matenda a Crohn amakonda. Ku Britain, kumene dzuwa ndi lochepa, a zaumoyo a NHS amalangiza anthu a khungu lakuda kuganizira zomwa mamayikurogalamu 10 a vitamini D tsiku lililonse chaka chonse, zimene zimafunika kwambiri kwa amene akumwa prednisolone, mankhwala ofooketsa mafupa.

Wobadwira ku Malawi auze dokotala za kumene anakulira, popeza TB ya m'matumbo imafanana kwambiri ndi matenda a Crohn, ndipo mankhwala monga infliximab ndi adalimumab angadzutse TB yogona, motero munthu amayezedwa asanawayambe. Ibuprofen apewedwe chifukwa angautse matendawa, ndipo mankhwala azitsamba otumizidwa ndi achibale asamwedwe dokotala asanadziwe.