Mwera ukayamba, bwato likhale pamtunda

Uthengawu ukupita makamaka kwa inu a ku Likoma ndi Chizumulu, komanso asodzi a m'madooko a Nkhata Bay ndi Nkhotakota.

Mwera ndi mphepo yochokera kummwera imene imalimba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Kumatha kucha nyanja ili zii, koma dzuwa likangokwera mafunde n'kuyamba kuyera thovu kunsonga. Mukaona zimenezo, musakankhire bwato m'madzi. Mu 1946 sitima ya Vipya inamira ndi anthu oposa 140, chonsecho inali yachitsulo. Nanga bwato la matabwa lodzaza matumba a chimanga ndi simenti?

Eni maboti, chonde musapyoze muyezo wa katundu. Madzi akafika pafupi ndi mlomo wa bwato, funde limodzi lokha likwanira. Jekete yoyandamitsa muvale musananyamuke, si yokhalira ayi. Nkhafi zisatsale ngakhale injini ikulira bwino. Tenganinso chokapira madzi ndi foni yokulunga m'pulasitiki, ndipo mverani chenjezo la a zanyengo pa wailesi.

Bwato likagudubuka muli kutali, musalimbane ndi kusambira kulowera kumtunda. Gwirani bwatolo, chifukwa odzakupulumutsani amaona bwato msanga kusiyana ndi mutu wa munthu pakati pa mafunde.