Fyuluta yatsopano ikutulutsa madzi akuda: timwe kapena titaye?

Mukathira madzi koyamba mu fyuluta yatsopano ya activated carbon, nthawi zambiri amatuluka otuwa, muli tizinthu takuda toyandama. Ambiri amachita nawo mantha. Ineyo madzi akudawo sandidetsa nkhawa kwenikweni. Amene ndimawakayikira ndi oyera mbee amene amabwera pambuyo pake.

Activated carbon ndi makala ndithu, koma osati a pambaula. Amapangidwa kuchokera ku zikamba za kokonati, mitengo kapena malasha, kenako amawapsereza ndi nthunzi yotentha madigiri pafupifupi 900. Nthunziyo imaboola timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso. Mutati muyale makoma a timabowo ta mu galamu imodzi yokha, angakute malo oposa masikweya mita 500. Magalamu 15 basi, mwadzaza bwalo la mpira! Zinthu zonunkhitsa madzi ndi mankhwala ena zimamatirira pamakoma amenewa. Kumatirira kumeneku ndiye adsorption, ya "d" osati ya "b", musasokoneze pamayeso.

Nanga zakudazo? Ndi fumbi la makalawo. Tinjere timakhulana fyuluta ikamanyamulidwa kuchoka kufakitale. Fumbili si poizoni, ndipo thupi siligaya, limangodutsa. Kuchipatala, munthu wamkulu amene wamwa mitundu ina ya poizoni amatha kumumwetsa magalamu 50 a makala omwewa. Komabe tsatirani malangizo a papaketi: tayani madzi oyambawo mpaka ayere. Thirirani maluwa, bwanji.

Tsopano apa mpamene pagona nkhani. Makalawa sapha majeremusi. Vibrio cholerae, kachilombo ka kolera, ndi kotalika mamaikiromita awiri chabe, ndipo kamadutsa pakati pa tinjere ta makala popanda chovuta. Kuwonjezera apo, fyuluta imachotsa klorini. N'chifukwa chake madzi ake amakoma. Koma klorini wotsala m'madzi a pampopi, kapena amene mwathira WaterGuard, ndi amene amawateteza akakhala mu ndowa. Akachoka, dzanja limodzi losasamba ndi lokwanira kuwaipitsa. Fyuluta yokhalitsa nayonso, poti imakhala yonyowa, imasanduka nyumba ya mabakiteriya. Mchere ndi nitrate zimangodutsanso.

Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 kuno ku Malawi, choncho sindikunena zocheza. Madzi a pachitsime kapena kumtsinje muyambe mwawawiritsa, kapena muthire klorini n'kudikira mphindi 30. Mukatero ndiye muwasefe, muwasunge m'chiwiya chovundikira, ndipo mumwe tsiku lomwelo. Tsiku limene mwayamba kugwiritsa ntchito fyuluta mulilembe pakalendala, chifukwa timabowo tikadzaza, madzi amatulukabe oyera ngati kale ndipo simungadziwe ndi maso.