Kodi ndinyamule mfuti pokagona ku Matobo?

Funso: Ndimagulitsa zipatso pa Renkini ku Bulawayo. Pa Khirisimasi tikufuna tikagone m'matenti ku Matobo, koma ndamva kuti kuli akambuku. Ndigule pisitolo yotani?

Yankho: Achimwene, musagule. Lamulo la Zimbabwe la Firearms Act limafuna kuti mukhale ndi chiphaso cha apolisi, ndipo mfuti yogula mobisa idzakufikitsani kundende. A Zimparks, oyang'anira pakiyo, nawonso salola mlendo kuyenda ndi mfuti m'paki popanda chilolezo. Akambuku alikodi, koma amathawa anthu. Odzakusowetsani mtendere ndi anyani, amene amatsomphola chikwama cha buledi mukangotembenuka. Kagoneni pamalo ovomerezeka monga Maleme Dam, chakudya mutsekere m'bokosi, ndipo usiku muziyenda ndi tochi komanso nsapato zotseka poopa njoka. Ndalama zogulira pisitolozo mulipire mlonda wa paki azikuperekezani.