Nchito ya Wophika Makeke, ndi Mbiri ya Gaston Lenôtre

M'midzi yambiri muli anyamata ndi atsikana amene sukulu yao inathera panjira, ena cifukwa ca kusowa ndarama, ena cifukwa malo a ku koleji ali owerengeka ndipo owafuna ali ocuruka. Makolo a ana otere kawirikawiri ayesa kuti khomo la cuma latsekeka. Phunziro ili linena za nchito imodzi ya manja monga icitika m'dziko la France, kumene ilemekezedwa kwambiri, ndi za munthu amene analemera nayo wosalowa m'koleji.

Wophika makeke, amene anthu a ku France amucha pâtissier, asiyana ndi wophika buledi wamba. Zophikira zace zazikuru ziri zinai: ufa wa tirigu, batala, mazira ndi shuga, ndipo mai ali yense wophika masikono azidziwa zonsezi. Kusiyana kuli m'muyeso ndi m'manja. Pali mkate wina wopepuka umene aupanga cotere: akanya ufa, nakulunga batala wozizira m'kati mwace, nauyala, naupinda patatu monga apinda kalata. Acita tero kasanu ndi kamodzi, naupumitsa pamalo ozizira pakati pa mapindidwewo. Pomariza batala uja wagawika m'magawo opyapyala 729, lina pamwamba pa linzace, ufa uli pakati pao. Mu uvuni madzi a mu ufa ndi a m'batala asanduka nthunzi, nthunziyo nikankha magawo onse aja, ndipo mkate utupa wopanda cotupitsa ciri conse. Koma batala akafunda nasungunuka pansi pa manja a wophika, alowerera mu ufa, ndipo coturuka mu uvuni cikhala colemera ngati phale. Buku likhoza kufotokoza zonsezi m'tsamba limodzi. Koma kuzindikira ndi zala kuti batala wayamba kufewa, munthu aphunzira ataimirira pambali pa mmisiri miyezi yambiri.

Cifukwa cace njira yolowera m'nchitoyi ku France ndiyo ya kuphunzira pa nchito. Mnyamata kapena mtsikana wa zaka 15 kapena 16 alembedwa kwa mmisiri, nagwira nchito m'khichini lace, nalandira malipiro ang'ono. Masiku ena apita ku sukulu ya nchito. Zitapita zaka ziwiri ayesedwa mayeso a boma ochedwa CAP, amene mbali yace yaikuru ndiyo kuphika pamaso pa oyesa. Lamulo la caka ca 1996 liti sitoro ya makeke iyenera kuyang'aniridwa ndi munthu wokhala ndi kalata yotere, kapena amene anagwira nchitoyi zaka zitatu. Digiri siifunsidwa.

Wina asaganize kuti wosapita ku koleji alibe cophunzira. Marie-Antoine Carême, mwana wa banja losauka la ku Paris, analembedwa kwa wophika makeke dzina lace Bailly mu 1798. Ndipo akapeza mpata anali kupita ku nyumba yaikuru ya mabuku kukapenya zithunzi za nyumba zamakedzana, kuti makeke ace aumbike monga nyumbazo. Pambuyo pace anaphikira nduna Talleyrand ndi mwana wa mfumu ya England, nalemba mabuku a nchito yace.

Gaston Lenôtre anabadwa mu 1920 m'mudzi wa Saint-Nicolas-du-Bosc, m'cigawo ca Normandy, dziko la ng'ombe za mkaka ndi batala wabwino. Atate wace ndi amai wace anagwirapo nchito ya kuphika ku Paris. Iye anayamba kuphunzira nchito akali mnyamata wamng'ono, nakhalamo zaka zoposa khumi asanatsegule sitoro imene inabukitsa dzina lace. Imeneyo anaitsegula mu 1947 m'tauni yaing'ono ya Pont-Audemer, pamodzi ndi mkazi wace Colette. Sinali nthawi yabwino yoyambira malonda otere, pakuti nkhondo inali itatha kumene, ndipo buledi ndi shuga zinali kugulidwa ndi makadi a boma kufikira 1949. Mwamuna anali kuphika kuseri, mkazi nagulitsa kutsogolo. Mu 1957, zitapita zaka khumi, anasamukira ku Paris, nagula sitoro pa mseu wa rue d'Auteuil.

Apa mpofunika kuimapo, pakuti ndipo pagona nkhani ya cuma. Wophika wolembedwa, ngakhale akhale waluso cotani, alandira malipiro a mwezi, ndipo phindu la luso lace lilowa m'thumba la mwini sitoro. Mwini sitoro naye salemera cifukwa ca kukoma kwa keke kokha. Ayenera kudziwa mtengo wa keke iri yonse isanalowe mu uvuni: ufa wangati, batala wangati, moto, lendi ya nyumba, malipiro a anchito. Ndipo mdani wace wamkuru ndiye kuola. Wogulitsa nsaru akapanda kugulitsa lero adzagulitsa mwezi wamawa. Koma keke ya mkaka ndi mazira yotsala madzulo iri ndarama yotayika. Akaphika zocepa ogula abwerera manja, akaphika zambiri ataya. Ophika ambiri aluso anagwa pamenepa, osati pa moto.

Lenôtre anagonjetsa bvuto ili m'njira zingapo. Anacepetsa shuga ndi zolemera m'makeke ace, kuti munthu adye osatopa nazo, nabwerenso. Analemba miyeso yace mosamalitsa, kuti keke yophikidwa ndi wanchito ifanane ndi yophikidwa ndi mwini. Sanacita manyazi kugwiritsa nchito makina oumitsa zakudya ndi cisanu, pamene amisiri ena anali kuwanyoza. Motero zina zinakonzedwa masiku a nchito yocepa, nizidikira masiku a ogula ambiri. Kuyambira 1964 anayamba kuphikira maukwati ndi maphwando akuru. Ndipo malonda awa ali ndi ubwino wace, pakuti mwini phwando anena ciwerengero ca alendo ufa usanakanyidwe, ndipo palibe cotsala. Mu 1968 anakhazika khichini limodzi lalikuru ku Plaisir, kunja kwa Paris, lotumiza makeke ku masitoro ace onse. Dzina lace linafika ku Germany, ku Japan ndi ku America. Ndipo mu 1985 kampani yace inagulidwa ndi kampani ya mahotela yochedwa Accor. Cimene ogulawo analipira ndarama zambiri sicinali mauvuni okha ai, koma dzina limene anthu analikhulupirira.

Komatu mnyamata womva mbiri iyi asaiwale mbali yina. Ophika makeke ambiri a ku France akhala a malipiro moyo wao wonse, nalera ana ao mwaulemu, koma osalemera. Nchitoyi iyamba usiku, tambala asanalire, ndipo munthu aimirira kufikira masana. Masiku a Khirisimasi ndi Pasaka, pamene anzace apumula ndi mabanja ao, ndiwo masiku ace otopetsa koposa. Manja apsa, msana uwawa, ndipo pfumbi la ufa libweretsa nthenda ya mphumu kwa ophika ena. Carême, ndi ulemu wace wonse, anafa mu 1833 asanakwane zaka 50, atakhala zaka zambiri m'makhichini a utsi wa makala. Kholo lopereka mwana ku nchitoyi licita bwino kuyamba lafunsa za mmisiri amene adzamphunzitsa: kodi aonetsa ana miyeso, kapena awasunga potsuka mbale zaka zonse?

Pa ici Lenôtre anasiyana ndi amisiri akale ambiri, amene anali kubisa miyeso yao ngati mankhwala a banja. Mu 1971 anatsegula sukulu ku Plaisir komweko, kuti ophika amene ali kale pa nchito adze kwa masiku owerengeka kudzaonjezera luso lao. Ndipo anadza ocokera m'maiko ambiri. Ena anati ali kudzipangira opikisana naye, ndipo sananama. Mnyamata wina wa ku Alsace, Pierre Hermé, analowa m'khichini la Lenôtre ali ndi zaka 14. Atagwira nchito ya malipiro zaka zoposa makumi awiri, zina za izo ali mkuru wa ophika makeke pa sitoro ya Fauchon, anatsegula sitoro ya dzina lace ku Tokyo mu 1998, ndi ina ku Paris mu 2001. Lenôtre anakhala ndi moyo kufikira anaziona zonsezi. Anamwalira pa 8 Januwale 2009, ali ndi zaka 88.