Mwendo Upume, Mtima Uzigwirabe Ntchito

Cholinga cha phunziro

Pomaliza phunziroli mudzatha kufotokoza chimene chimavulaza miyendo ya anthu othamanga, mmene kupalasa njinga kumasungira mphamvu mwendo ukamapola, ndiponso zizindikiro zofunika kupita nazo kuchipatala.

Tiwerenge mawu awa mokweza

bo-ndo, ka-tu-mba, mso-ngo-lo, chi-de-nde-ne, chi-sha-lo, pe-du-lo

Tiwerenge nkhani

Kuno ku Angónia alipo anthu okonda kuthamanga. Ena ndi anyamata a mpira, ena ndi ana asukulu okonzekera mipikisano, ena ndi abambo ndi amayi amene amalawirira m'bandakucha kukathamanga asanatenge khasu. Salandira malipiro. Amangokonda, ndipo ambiri amanyadira Maria Mutola, mayi wa ku Maputo amene adayamba ndi mpira wamiyendo, kenaka n'kupatsa dziko la Mozambique mendulo yake yoyamba yagolide ya Olimpiki pa liwiro la mamita 800 ku Sydney mu 2000.

Wothamanga akavulala mwendo amagwidwa njakata. Akapitiriza kuthamanga, mwendo umanka nuipiraipira. Akangokhala pakhonde, mphamvu zimene wazivutikira miyezi yambiri zimatha. Komatu chomuthandiza chili pakhomo pomwepo. Ndi njinga yakapalasa, yomwe ija timapitira kuchigayo ndi kumsika. Njinga imapumitsa mbali yovulala, mtima ndi mapapo zikugwirabe ntchito.

Mphamvu yothamangira kutali imachokera kuti?

Minofu ya m'miyendo imafuna zinthu ziwiri kuti igwire ntchito: chakudya ndi mpweya wa okosijeni. Mapapo amakoka mpweyawo. Magazi amaunyamula. Mtima ndiwo umapopa magaziwo kuti afike kuntchafu ndi kukatumba. Munthu wamkulu akakhala phee, mtima wake umapopa magazi okwana pafupifupi malita 5 pa mphindi imodzi. Akathamanga mwamphamvu, umatha kupopa malita 20 kapena kuposerapo.

Munthu akamathamanga sabata ndi sabata, thupi limasintha. Mtima umalimba, ndipo ukagunda kamodzi umatulutsa magazi ambiri kuposa kale. Magazi enieniwo amachuluka. Timitsempha ting'onoting'ono togawa magazi m'minofu timachulukanso. N'chifukwa chake mtima wa munthu wamba umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi akakhala pansi, pamene wa wothamanga wozolowera umatha kugunda ka 50 kokha kapena kucheperapo.

Dera lathu limatithandizanso. Tawuni ya Ulongwe ili pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo phiri la Domwe limapitirira mamita 2,000, pamene mzinda wa Tete, kuchigwa cha Zambezi, sufika n'komwe mamita 200. Kumtunda mpweya ndi wopepuka. Mukakoka kamodzi, okosijeni wolowa m'thupi amachepa pang'ono, choncho thupi limazolowera kugwira ntchito ndi wochepayo. Akatswiri ambiri othamanga a ku Kenya amaphunzirira ku Iten, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,400, pa chifukwa chomwechi.

Koma mphamvu zimenezi sizikhalitsa zikapanda ntchito. Munthu akasiyiratu kulimbitsa thupi, pakangotha masabata awiri kapena atatu zimayamba kutsika. Madzi a m'magazi ndiwo amayamba kuchepa. Mtima umayamba kugunda mofulumira pa ntchito yomwe kale inali yopepuka, ndipo chitunda chimene ankachikwera akucheza amachikwera ali wefuwefu.

Nanga kuthamanga kumavulaza bwanji?

Poyenda, phazi limodzi limakhala lili pansi nthawi zonse. Pothamanga ayi. Thupi lonse limanyamuka m'mwamba, kenaka limagwera pa phazi limodzi, ngati munsi ukamatsikira mumtondo. Mphamvu imene mwendo umalandira pa kugwa kulikonse ndi yofanana ndi kulemera kwa thupi kawiri kapena katatu. Kwa munthu wa makilogalamu 60, ndiye kuti makilogalamu 120 mpaka 180. Ndipo wothamanga amaponda pansi pafupifupi ka 160 pa mphindi iliyonse.

Kusinjika kumeneku pakokha si koipa. Kumachititsa timing'alu tosaoneka ndi maso m'fupa ndi m'mitsempha, ndipo munthu akagona, napuma, nadya bwino, thupi limamata timing'aluto. Pomwe pamatidwa pamalimba kuposa kale. Vuto limabwera pamene kusinjika kwachuluka kuposa kumata. Zimatero munthu akawonjezera mtunda modzidzimutsa, akamathamanga tsiku lililonse osapumira, akamatsika zitunda mwaliwiro, akamavala nsapato zakutha kunsi, kapena akamadya mopereŵera.

Malo amene amavulala kaŵirikaŵiri ndi anayi: msongolo, bondo, mtsempha waukulu wochokera kukatumba kufika kuchidendene, ndi kunsi kwa phazi.

Chimene njinga imachita

Mukakwera njinga, chishalo ndi mahandulo zimanyamula mbali yaikulu ya kulemera kwanu. Phazi siligwera pansi. Limangozungulira pamodzi ndi pedulo. Kusinjika kuja kulibe, choncho fupa ndi mtsempha zimapeza mpata wopola.

Koma minofu ikuluikulu ya m'ntchafu ndi m'matako ikugwirabe ntchito, ndipo ikuitanitsabe okosijeni. Mtima sudziŵa ngati mukuthamanga kapena mukupalasa. Umangomva kuti minofu ikufuna magazi, basi n'kupopa. Mapapo nawo amakoka mpweya monga kale. Motero wothamanga amene wapalasa njinga mokhulupirika kwa mwezi umodzi kapena iŵiri amabwerera ndi mpweya wake wambiri udakalipo.

Yambani mwaonetsa mwendo kuchipatala

Njinga siichiza kuvulala kulikonse. Pitani kuchipatala cha kufupi ndi kwanu, kapena kuchipatala chachikulu cha ku Ulongwe, mukaona chimodzi mwa izi:

- simungathe kuponda pansi ngakhale mapazi anayi okha;
- mwendo watupa kwambiri kapena wapindika;
- pafupa pali malo amodzi opweteka, oti mungawaloze ndi chala chimodzi;
- ululu ukukudzutsani usiku;
- mukumva kupweteka m'chiuno kapena m'mphechepeche mukaponda.

Malo amodzi opweteka pafupa akhoza kukhala mng'alu. Mng'alu wotere nthawi zambiri suoneka pa chithunzi cha ekisileyi m'masabata aŵiri oyamba, choncho ululu ukapitirira bwereraniko. Kupola kwake kumatenga masabata 6 mpaka 8, mwinanso kuposa. Afunseni adokotala kapena anamwino ngati mungakwere njinga, ndipo mutsate zimene akuuzani. Mukabinya phazi, lipumitseni masiku aŵiri kapena atatu oyamba, mutalikweza pamwamba, kufikira kutupa kutaphwa.

Lamulo lalikulu ndi ili: ngati kupalasa kukuwonjezera ululu, pa nthawi yomweyo kapena m'maŵa mwake, tsikani panjinga.

Konzani njinga yanu

Choyamba ndi chishalo. Khalani pachishalo mutatsamira khoma, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni. Mwendo uwongoke bwinobwino. Kenaka mukaponda ndi kutsogolo kwa phazi, bondo likhala lopindika pang'ono chabe, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Chishalo chotsika kwambiri chimapweteketsa kutsogolo kwa bondo. Chokwera kwambiri chimakoka kumbuyo kwa bondo ndi mtsempha wa kuchidendene. Ngati mtsempha umenewu ndiwo wavulala, pondani pedulo ndi pakati pa phazi.

Chachiŵiri, tsitsani katundu yense pakaliyala. Kunyamula matumba a kachewere kupita nawo kumsika ndi ntchito yolemetsa mawondo, chifukwa munthu amaponda mwamphamvu koma pang'onopang'ono. Wovulala afunika zosiyana ndi zimenezo: kuponda mopepuka, miyendo ikuzungulira mofulumira, ka 80 mpaka ka 90 pa mphindi. Ngati njinga yanu ili ndi magiya, sankhani giya yofeŵa. Njinga zambiri za kuno zilibe magiya, choncho funani msewu wosakwera kwambiri. M'masabata oyamba musaimirire pamapedulo pokwera chitunda, chifukwa mukatero thupi lonse labwereranso pamwendo wovulala uja.

Chachitatu, onani mabuleki, thirani mafuta patcheni, popani matayala. Yendani kumanzere kwa msewu. Pamsewu watala wopita kumalire a Calómuè pamadutsa magalimoto akuluakulu a katundu, ndiye valani malaya owala, makamaka m'miyezi ya June ndi July pamene m'maŵa kumachita nkhungu. M'dzinja misewu yafumbi imaterera, ndipo kugwa panjinga kungabweze m'mbuyo kupola konse.

Mupalase motani pa sabata?

Mpweya wanu ndiwo ukuuzeni liwiro. Ngati mungathe kucheza ndi mnzanu mukupalasa, liwirolo ndi lofatsa. Ngati mukungotulutsa mawu aŵiri kapena atatu, ndi lamphamvu. Panjinga pali nthawi zotsetsereka zimene miyendo imapuma, choncho palasani nthawi yotalikirapo kuposa imene munkathamanga. Amene ankathamanga mphindi 40 apalase pafupifupi ola limodzi. Nachi chitsanzo:

- Lolemba: mphindi 45 mofatsa.
- Lachiŵiri: mphindi 10 mofatsa, kenaka mphindi 3 mwamphamvu ndi mphindi 2 mofatsa, kubwereza kasanu, n'kumaliza ndi mphindi 10 mofatsa.
- Lachitatu: kupuma.
- Lachinayi: ola limodzi mofatsa.
- Lachisanu: monga Lachiŵiri.
- Loŵeruka: ulendo wautali wofatsa, ola limodzi ndi theka.
- Lamulungu: kupuma.

Sabata loyamba chitani theka chabe la zimenezi. Tengani madzi akumwa. Mukamva kutentha thupi musakwere njinga, pitani mukayezetse malungo.

Thupi silingamate fupa popanda zomatira. Nsima ndi kachewere zimapereka mphamvu, koma zomanga thupi zili mu nyemba, soya, mtedza, mazira, mkaka ndi nyama. Usipa ndi matemba n'zabwino kwambiri chifukwa timadyera kumodzi ndi minga yake, momwe muli kashiamu wolimbitsa mafupa. Fodya amachedwetsa kupola kwa fupa, moŵa wambiri nawonso chimodzimodzi. Mayi kapena mtsikana wothamanga akaona kuti wasiya kusamba pamene alibe pakati, akaonane ndi achipatala. Kaŵirikaŵiri chimakhala chizindikiro chakuti chakudya chikuchepera ntchito imene thupi likugwira, ndipo mafupa amafooka.

Kubwerera ku liwiro

Apa ndi pamene ambiri amavulalanso kachiŵiri, ndipo chifukwa chake chili m'zimene taphunzira kale. Njinga yasunga mtima, koma fupa ndi mitsempha zakhala masabata ambiri osasinjika, ndiye zataya chizoloŵezi. Wothamanga amamva mpweya uli tayale m'chifuŵa, naganiza kuti wachira, pamene mwendo sunakonzeke. Paja akulu amati kuthamanga si kufika.

Musanayambe, dziyeseni kaŵiri. Yendani mwandaŵala mphindi 30. Kenaka dumphani ka 10 ndi mwendo wovulalawo. Ngati palibe ululu tsikulo ndi m'maŵa mwake, yambani motere: thamangani mphindi imodzi, yendani mphindi 4, kubwereza kasanu. Chitani zimenezi modumphitsa tsiku, panjira yadothi yosalala kapena pabwalo la mpira, osati patala kapena potsetsereka. Masiku otsalawo palasani njinga. Sabata lililonse wonjezerani pang'ono mphindi zothamanga, n'kuchepetsa zoyenda. Ululu ukabweranso, bwererani pamene munali sabata latha.

Ngakhale mutachira, musaisiye njinga. Mukasinthanitsa tsiku limodzi kapena aŵiri a liwiro ndi kupalasa, mtima umapeza ntchito yokwanira pamene miyendo ikusinjika mochepa.

Yankhani mafunso awa

1. Tchulani ziwalo ziŵiri zimene zimathandizana ndi magazi kufikitsa okosijeni kuminofu.
2. N'chifukwa chiyani kupalasa njinga sikusinja mwendo ngati kuthamanga?
3. Tchulani zizindikiro zitatu zofunika kupita nazo kuchipatala.
4. Mungadziŵe bwanji kuti chishalo chili pamlingo woyenera?
5. N'chifukwa chiyani wothamanga angavulalenso ngakhale akumva kuti mpweya ali nawo?

Tichite masamu

1. Wothamanga akuponda pansi ka 160 pa mphindi imodzi. Aponda kangati pa mphindi 30?
2. Mayi wina amalemera makilogalamu 55. Ngati mwendo wake ukulandira kulemera kwa thupi katatu, ndi makilogalamu angati?
3. Phatikizani mphindi zonse zopalasa pa tsiku Lachiŵiri.

Tikambirane m'magulu

Kwanu kuno, munthu akabinya phazi kapena akamva kupweteka msongolo amachita chiyani? Ndi ziti mwa njirazo zimene zikugwirizana ndi phunziro lino, nanga ndi ziti zimene zingachedwetse kupola? Ndi misewu iti ya kufupi ndi mudzi wanu imene ili yabwino kwa munthu wopalasa njinga yopanda magiya?

Ntchito ya kunyumba

M'maŵa musanadzuke pamphasa, ikani zala ziŵiri pamkono, kumunsi kwa chala chachikulu, kufikira mutamva mtima ukugunda. Ŵerengani kugundako kwa masekondi 15, pogwiritsa ntchito wotchi kapena foni, kenaka chulukitsani ndi 4. Lembani yankho m'kope mwanu masiku asanu otsatizana. Lembaninso ziganizo zitatu zolangiza mnzanu wothamanga amene wavulala msongolo. Mudzabwere nazo pa phunziro lotsatira kuti tidzaŵerengere limodzi.