Kukoka galimoto m'mapiri: vuto lalikulu lili potsika

Patchuthi chapitachi ndinaperekeza amalume kumtunda, kupitirira pa boma la Neno, kukatenga mbatata ya kachewere. Ali ndi kapikapu kakale ka masilinda anayi, kamene kamalira ngati chigayo kakamakwera chitunda. Pobwerera tinapeza galimoto yaing'ono itaima pambali pa msewu, injini itafa. Mwini wake, bambo achikulire ndithu, anachonderera kuti tiwakokere kumunsi kuno, ku msewu wa tala wa M6 wochokera ku Zalewa kupita ku Mwanza, kuti akapeze makaniko. Amalume anavomera. Zimene ndinaona tsiku limenelo zinandiphunzitsa Physics kuposa mmene ndinkaimvera m'kalasi, n'chifukwa chake ndati ndikugawireniko.

Choyamba amalume anatsitsa matumba onse a mbatata n'kuwasungitsa pa nyumba ina ya pafupi. Ine ndinadandaula, poti ndi ine ndinawasenza pokweza. Iwo anangoti, "Mphwanga, kagalimoto aka sikangasenze zonse ziwiri."

Tiyeni tiwerengere. Tiyerekeze kuti pikapu ikulemera makilogalamu 1,500 ndipo yokokedwayo 1,200. Zonse pamodzi ndi 2,700. Pamalo athyathyathya kukoka sikuvuta kwenikweni, mwaonapo anyamata atatu akukankha galimoto pa siteji. Koma pa chitunda chimene msewu umakwera mita imodzi pa mamita 10 aliwonse, mphamvu yokokera pansi ya dziko imakokera galimoto m'mbuyo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake. Kwa yokokedwayo ndi manyutoni 1,200, ndipo onsewo akudutsa m'chingwe. Injini yaing'ono imathabe ntchitoyi ikakhala pa giya yoyamba kapena yachiwiri, kungoti imatentha, chifukwa ikugwira ntchito yaikulu pamene mphepo yoziziritsa rediyeta ikulowa yochepa. Amalume maso anali pa kamuvi ka kutentha nthawi zonse. Kamuvi kakakwera, mumaima n'kudikira. Osatsegula chitsekerero cha rediyeta injini ili moto, madzi ake amatumphuka n'kukuwotchani kumaso.

Zitunda ziwiri zoyamba tinakwera bwinobwino, ine n'kumati basi zatheka. Tsoka linatidikira pa mtsetse woyamba.

Titangoyamba kutsetsereka ndinayang'ana m'mbuyo, ndipo ndinaona chingwe chikukhwekhwereka pansi. Galimoto ija inali ikutithamangira! Tisanati n'komwe, phuu, yatigunda kumbuyo. Mwayi wake tinali pang'onopang'ono, moti inangophwanyika nyali imodzi. Amalume anaimitsa n'kundikuwira, "Iwe, miyala kumatayala, changu!" Bambo aja anatuluka thukuta lili kamukamu. "Achimwene, mabuleki auma gwa! Ndaponda ndi mphamvu zanga zonse koma ayi ndithu."

Mabuleki awo sanawonongeke ayi. M'galimoto zambiri muli chipangizo chotchedwa brake booster, chimene chimathandiza phazi la dalaiva. Chimagwira ntchito ndi mpweya umene umayamwidwa injini ikamalira. Injini ikazima, thandizolo limatsala la kuponda kawiri kapena katatu basi, kenako chopondera chimalimba ngati mwala. Galimoto imathabe kuima, koma pamafunika mwendo wamphamvu ndiponso mtunda wautali. Chiwongolero nachonso chimalemera, chifukwa power steering imadaliranso injini kapena magetsi. Ndipo wina akazula kiyi, chiwongolero chimatha kudzikhoma pa khona, pomwe kumbali kuli phompho. Kiyi azikhala m'malo mwake, atapotozedwa.

Chingwe chimadziwa kukoka kokha, sichingaletse galimoto ya m'mbuyo kubwera kutsogolo. Pamafunika chitsulo chokokera. Ife tinalibe, ndiye amalume anabwereka paipi yachitsulo pa mudzi wapafupi, yotalika ngati mamita awiri, n'kulowetsa chingwe m'kati mwake, n'kumanga mothina mbali zonse. Si njira yoti n'kuitamanda, ndipo wapolisi wapamsewu sakanasekerera, koma paipiyo inathandiza kuti galimoto ziwirizi zisagundanenso.

Apa ndiye panabuka vuto lina, limene ndikufuna a Fomu 3 ndi Fomu 4 mulimvetse. Tsopano kulemera kwa galimoto ya m'mbuyo kunayamba kukankha pikapu yathu. Mukukumbukira potential energy, mgh? Tiyerekeze kuti mwatsika mamita 400 ndi makilogalamu 2,700 aja. Chulukitsani 2,700 ndi 10 ndi 400, mupeza majulo 10,800,000. Mphamvu imeneyi siingasowe, mabuleki amaisandutsa kutentha. Kuti lita imodzi ya madzi ichoke pa madigiri 20 kufika pa 100 pamafunika majulo 336,000. Ndiye kuti kutsika kumeneku n'kokwanira kufikitsa malita 32 a madzi powira, chigubu cha malita 20 ndi theka lake, n'kutsalako. Tangoganizani moto wonsewo ukulowa m'tizitsulo tating'ono ta kumatayala. Mabuleki akatentha kwambiri amayamba kuterera, ndipo mafuta ake akawira chopondera chimangolowa mpaka pansi osagwira kanthu.

N'chifukwa chake amalume anatsika mitsetse yonse pa giya yoyamba, injini ikulira mokweza ngati ikudandaula. Phazi likachoka pa mafuta galimoto ili pa giya yotsika, injini ndi imene imaigwira kuti isathamange, mabuleki n'kumangothandizira apa ndi apo. Koma injini ya masilinda anayi ndi yaing'ono, kugwira kwakenso n'kochepa, moti tinaimabe katatu titamva fungo la kupserera. Ndinatenga chigubu kuti ndithire madzi kumatayala, amalume anandiletsa. Chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimapindika kapena kung'aluka. Tinangokhala pamthunzi n'kumadya nthochi. Madalaiva ena amakonda kuika pa nyutulo potsetsereka kuti apulumutse mafuta. Ine mukadzandiona ndikutsika m'galimoto yotere pakati pa ulendo, musadabwe.

Kanthu kena kamene amalume anafunsa tisanamange n'komwe chingwe: "Ndi ya manyuwo kapena ya otomatiki?" Inali ya manyuwo. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimene tikuziona masiku ano ndi za otomatiki, ndipo giyabokosi yake imadalira pampu ya oyilo imene imazungulira injini ikamalira. Kuikoka mtunda wautali matayala ali pansi kumatha kupsereza giyabokosi yonse. Yotero ndi bwino kuinyamula pa lole.

Tinafika pa tala kutada, ulendo umene masiku onse timafika dzuwa likadali pamutu. Mbatata tinakatenga m'mawa mwake, ndipo ndinasenzanso ine ndemwe.

Nali funso la sabata ino. Matumba amene tinasiya anali 8, lililonse la makilogalamu 50. Tikanapanda kuwatsitsa, kodi mabuleki akanalandira majulo angati owonjezera pa mamita 400 aja? Nanga amenewo angafikitse malita angati a madzi powira? Lembani yankho pa kapepala, mumate m'munsimu lisanafike Lachisanu.