Kama wa Diarmuid, Kapena Manda?

Nditaona koyamba chithunzi cha Poulnabrone, ndinkayesa ndi tebulo la chimphona. Miyala ingapo inaimikidwa chilili, ndipo pamwamba pake anasanjikapo chimwala chophwatalala. Malowa ali ku Burren, m'boma la Clare, ku Ireland. Miyala yotere ndi yambiri m'dzikolo. Ku Brownshill, pafupi ndi Carlow, mwala wapamwamba wokha umalemera matani oposa 100.

Anthu akumidzi ku Ireland anali ndi mayankho awo pa funso la amene anaimika miyalayi. Ena ankati ndi manda a ziphona. Ambiri ankaitcha makama a Diarmuid ndi Gráinne. Nthano yake imati Gráinne, mwana wa mfumu Cormac, anayenera kukwatiwa ndi Fionn, mtsogoleri wa ankhondo amene anali atakalamba. Mtsikanayo anakana nathawa ndi mnyamata Diarmuid. Poopa kugwidwa, awiriwo sankagona malo amodzi kawiri, ndipo usiku uliwonse Diarmuid ankamanga kama watsopano wa miyala. Panali ngakhale chikhulupiriro choti mayi wosabereka akagonapo, adzaona mwana.

Mu 1985 anthu anaona kuti mwala umodzi wa Poulnabrone wang'aluka. Pofuna kuukonza, katswiri wina dzina lake Ann Lynch anakumba pamalopo mu 1986 ndi 1988. Anapezapo mafupa a anthu osachepera 33, akulu ndi ana omwe, pamodzi ndi nkhwangwa ya mwala, mikanda ndi mapale a mbiya. M'fupa la m'chiuno la munthu mmodzi munali kansonga ka muvi. Anthuwa anamwalira pakati pa zaka za 3800 ndi 3200 Khristu asanabadwe, mapiramidi a ku Giza asanamangidwe.

Choncho nthano ija inaphonya: sanali makama ayi, anali manda. Komabe anzanga, tisafulumire kuseka agogo a ku Ireland. Alimi ambiri ankaopa kusuntha miyala yotere poganiza kuti tsoka liwagwera, ndipo ankalima moilambalala. Mantha ndi ulemu umenewu zinathandiza kuti manda ambiri afike mpaka lero.

Ine ndatolapo phunziro ili: mkulu akandiuza za malo osayenera kuwaseweretsa, ndiyambe ndamvetsera. Chifukwa chimene akupereka chikhoza kukhala cholakwika, koma chimene akuteteza chikhoza kukhala chenicheni.